Madontho Asanu Papepala

Magazi sachedwa kuwonongeka. Mukawathira m'kabotolo amafuna firiji, magetsi ndi makina ozunguza olekanitsa madzi ake ndi maselo ofiira. Kwathu ku Kasiya, kumene misewu yakumudzi imasanduka phala m'dzinja, zonsezi nzosowa. Komatu mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV ayenera kuyezedwa akakwana masabata 6, chifukwa mwa ana otenga kachilomboka, pafupifupi theka amamwalira asanakwane zaka ziwiri ngati salandira mankhwala. Kachipangizo koyezera pompopompo sikathandiza pamsinkhu umenewu, poti kamangoona chitetezo cha mayi chimene chikadali m'thupi la khandalo. Nthawi zambiri pamafunika labotale yaikulu.

Ine ndine munthu wa mapepala. Zaka 20 m'boma ndakhala ndikudinda ndi kuunjika mafayilo, moti pepala ndimalidziwa ngati chochedwetsa anthu. Koma lilipo lina limene ndimalivulira chisoti.

Ndinaliona tsiku limene ndinaperekeza mlongo wanga kusikelo. Namwino anabaya chidendene cha mwana, nadonthezera magazi pa timizere tisanu tozungulira, papepala lokhuthala lomwa magazi ngati thonje. Analiyanika pamthunzi kwa maola angapo, kenaka analitsekera m'kajumbo pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi. Basi. Magazi ouma aja anakwera njinga yamoto kupita ku Lilongwe, opanda ayezi.

Nzeruyi anaitchukitsa ndi Robert Guthrie wa ku America m'zaka za m'ma 1960, poyeza makanda matenda ena obadwa nawo. Masiku ano kulinso makhadi okhala ndi kansalu kosefa: maselo ofiira amatsalira pamwamba ngati misere pasefa, madzi a magazi n'kutsikira pansi, ndipo ndi madziwo amene amaonetsa bwino kuchuluka kwa kachilombo.

Mayi athu sanakondwe. "Magazi a mdzukulu wangawa akupita nawo kuti, achimwene?" anandifunsa. Sindiwaseka. Mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje mu 2017, ndipo wotenga magazi osafotokoza kumene akupita ndiye amazithirira manyowa. Ndinawauza kuti akupita kukawerengedwa, ngati kalata.

Yankho linachedwa kuposa ulendo wa pepalalo. Mlongo wanga anaonda, nsima osaimaliza. Patatha mwezi ndi theka anamuuza kuti mwana alibe kachilombo, koma abwerenso naye akakwana chaka, kenaka zaka ziwiri, popeza akuyamwabe.