Masatifiketi Atatu a ku Germany Anachokera Kuti?

Wokondedwa mphwanga,

Unafunsa chifukwa chake ana a ku Germany amamaliza sukulu ndi masatifiketi osiyana: Hauptschulabschluss pakatha zaka 9, Mittlere Reife pakatha zaka 10, ndi Abitur pakatha zaka 12 kapena 13. Yankho langa ndi lakuti masatifiketiwa anabadwa nthawi zosiyana, iliyonse ndi anthu ake, ndipo tsankho la masiku amenewo likadalimo mpaka lero.

Abitur inayamba mu 1788 ku Prussia, ufumu wina wa Ajeremani, boma litadandaula kuti anyamata ambiri akulowa ku yunivesite asanakhwime m'maphunziro. Kuyambira 1834, wopanda Abitur sankaloledwanso kulowa. Mayesowo ankalembedwa ku Gymnasium, sukulu ya Chilatini ndi Chigiriki, komwe mwana wa mlimi sankafikako kawirikawiri. Atsikana anatsekeredwa kunja zaka zoposa 100. Ena mwa oyamba, asanu ndi mmodzi, anakhoza mayesowa ku Berlin mu 1896, ataphunzira m'makalasi a mphunzitsi wina dzina lake Helene Lange. Mizu ya Mittlere Reife ili ku usilikali. M'zaka za m'ma 1800, mnyamata wofika kalasi inayake ya sekondale ankagwira usilikali chaka chimodzi chokha m'malo mwa zitatu, bola adzigulire yekha yunifolomu ndi chakudya. Uona wekha kuti mwayiwo unkathandiza wa makolo opeza bwino. Ana a anthu wamba ankathera ku Volksschule, imene makalasi ake apamwamba anatchedwa Hauptschule pa mgwirizano wa ku Hamburg mu 1964.

Ena anena kuti zimenezo n'zakale, ndipo mfundo yawo si yopepuka. Wosalemba Abitur satayika, chifukwa amaphunzira ntchito pakampani kwinaku akupita kusukulu ya luso, akulandirako kamalipiro. Palinso satifiketi ya Fachhochschulreife yolowera m'makoleji a zaluso, ndipo kuyambira 2009 mmisiri wofika pa udindo wa Meister angalowe ku yunivesite wopanda Abitur. Zonsezi n'zoona. Koma njira zobwererazi zimafuna zaka ndi khama loposa la mnzake amene analowera pakhomo lalikulu. Komanso m'zigawo zambiri mwa 16 za dzikolo ana amagawidwa m'masukulu osiyana akamaliza kalasi 4, ali ndi zaka pafupifupi 10. Ku Berlin ndi Brandenburg amadikira kalasi 6. Pa msinkhu umenewu, mwana amene kwawo kuli mabuku ndi makolo omuthandiza homuweki amaoneka wanzeru kuposa mnzake amene kwawo salankhula Chijeremani. Kafukufuku wa PISA wa mu 2000 anatsimikiza kuti ku Germany kukhoza kwa mwana kunkadalira kwambiri banja limene akuchokera, ndipo kuchokera nthawiyo zigawo zambiri zaphatikiza Hauptschule ndi Realschule, sukulu ya Mittlere Reife.

Choncho ine sindidana ndi masatifiketi atatu, pakuti maluso a anthu ndi osiyanadi. Chimene chimandipweteka ndi kumusankhira mwana njira ali ndi zaka 10, pamene chimene chikuonekera kwambiri mwa iye ndi makolo ake.

Undiperekere moni kwa onse.

Ndine mkulu wako.