Mipando ya Capri ndi Manja a ku Magwegwe

Pa misonkhano yambiri ya chitukuko, ntchito za manja zimagawidwa m'magulu awiri: zothandiza ndi zotaya nthawi. Kusoka yunifolomu ya ana asukulu, kuwotcherera mafelemu a mawindo ndi kuweta nkhuku zimalowa m'gulu loyamba. Munthu wokhalira kukonza galimoto yakale yothamanga, yomwe singanyamule ngakhale matumba atatu a chimanga, amaikidwa m'gulu lachiwiri popanda wotsutsa. Ndikufuna kukamba za galimoto yotereyi, yomwe ili pabwalo la amalume anga ku Magwegwe, chifukwa kugawa kumeneku kumabisa njira imodzi imene luso limadutsira kuchoka kwa akulu kupita kwa ana.

Magwegwe ndi limodzi mwa makomboni a kumadzulo kwa mzinda wa Bulawayo, moyandikana ndi Lobengula, Pumula ndi Luveve. Chilankhulo cha m'misewu ndi Chindebele, koma m'nyumba zina mudzamva agogo akudzudzula adzukulu m'Chinyanja. Awa ndi mabanja a anthu amene adachoka ku Nyasaland, ena pansi, ena pa malole a Ulere, kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu, m'mafakitale ndi ku njanji, makamaka m'zaka za Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963. Kumudzi adawatcha matchona. Kuno ambiri adakhala zaka akutchedwa alendo, kufikira malamulo aakulu a dziko a 2013 adazindikira ana obadwira kuno kwa makolo a m'maiko a SADC kuti ndi nzika, ndi kuika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 za boma.

Agogo anga adabwera ndi makina osokera a Singer, ndipo mwana wawo, amalume angawo, adakulira pansi pa makinawo. Atakula adalembedwa ntchito yosoka ndi kukonza mipando ya m'mabogi a sitima, pakuti Bulawayo ndiye likulu la njanji za dziko lino. Pamene ankapuma pantchito, mzinda umene unkadziwika ndi utsi wa mafakitale unali utayamba kuzizira. Mafakitale ambiri a nsalu ndi zovala adatsekedwa kapena kuchepetsa antchito kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo kugwa kwa ndalama kwa 2008 kudamaliza zotsala. Achinyamata adayamba kuyang'ana msewu wa ku Beitbridge. Ana a amalume onse ali ku Johannesburg, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe adaphunzira kugwira singano. Mdzukulu amene adatsala pakhomo ankanena poyera kuti kusoka ndi ntchito ya nkhalamba.

Chimene chidasintha mtima wa mnyamatayu ndi Ford Capri, galimoto ya zitseko ziwiri ndi mphuno yaitali, ya mtundu umene unkapangidwa kuyambira 1969 mpaka 1986. Mnansi wina adaisiya pa njerwa kwa zaka zambiri, ndipo pomaliza adaipereka kwa amalume m'malo mwa ngongole. Injini inkalira ndithu, koma m'kati munali chisa cha makoswe. Mipando inali yong'ambika, siponji itasanduka ufa, denga likulendewera, ndipo kutsogolo kwa chiwongolero kunali kutang'aluka ndi dzuwa.

"Agogo, tiipititse kwa amisiri m'tauni," adatero mnyamatayo.

"Ndalama yake ili kuti, mdzukulu wanga? Ukafuna kudzaikwera, tenga sipanala."

Ntchito idayamba ndi kuchotsa zonse: mipando, kapeti, zophimba zitseko. Amalume adalamula kuti bawuti iliyonse iikidwe m'kachitini kolembedwa malo ake, ndipo chilichonse chijambulidwe pa foni chisanamasulidwe. Pansi pa kapeti padapezeka dzimbiri, mdani wamkulu wa galimoto yokhalitsa, chifukwa madzi a mvula amalowera m'mipira yotha ya mawindo n'kukhazikika m'munsi. Adalipala ndi bulashi ya waya, mabowo awiri adawotcheredwa ndi mmisiri wa ku Kelvin, kenaka adapaka utoto wofiira woteteza chitsulo. Mnyamatayo ankafuna kuthamangira nsalu zokongola, koma agogo ake adamuuza kuti mpando wabwino woikidwa pa chitsulo chowola uli ngati denga la malata pa khoma la chiswe.

Ku mipando ndiko kunali sukulu yeniyeni. Chophimba chakale sichitayidwa, ngakhale chitang'ambika bwanji. Chimasomoledwa ndi lezala msoko ndi msoko, chidutswa chilichonse n'kulembedwa nambala, chifukwa ndicho chimapereka muyeso wa chatsopano. Podula amasiya mpata wa msoko, wosachepera sentimita imodzi, mofanana ponseponse, apo ayi chophimba chimakwinyika pokhota. Siponji nayo ili mitundumitundu. Yolimba imapita pokhalira, pomwe pamalemedwa, yofewa imapita kumsana. Siponji yotchipa ya matiresi imaoneka bwino tsiku loyamba, koma pakatha miyezi yochepa munthu amakhala pa zitsulo. Ulusi uyenera kukhala wa nayiloni kapena poliyesita, popeza wa thonje umawola ndi thukuta ndi dzuwa. Misoko iyenera kukhala yotalikirana pang'ono, pakuti pa chikopa chopanga singano ikaboola pafupipafupi, chimang'ambika motsata mabowowo ngati pepala la risiti.

Makina akale a Singer adatha kusoka zidutswa zopyapyala zokha. Pa malo okhuthala adabwereka makina aakulu kwa mayi wina wa mumpingo, kulipira mwa kumukonzera mipando ya pabalaza. Magetsi akazima masana, ankadula ndi kumata, ndipo akabwera usiku ankasoka. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Pa zokongoletsa mpamene mibadwo iwiriyi idakokana. Mnyamatayo ankafuna zofiira zowala ngati za pa intaneti. Amalume ankafuna zakuda monga idatulukira ku fakitale. Adagwirizana pa zakuda za misoko yofiira, ndipo pa zitseko adaikapo mzere wa chitenje chimene malemu agogo aakazi adabwera nacho kuchokera ku Dedza. Chitenje chimasuluka msanga ndi dzuwa, choncho adachiika m'munsi mwa chitseko, atachimata pa bolodi latsopano lodulidwa motsata lakale. Chinthu chimodzi chokha amalume adakana kusoka: malamba a mipando. Lamba wotha amasinthidwa ndi watsopano, chifukwa msoko wa pakhomo sungagwire munthu pa ngozi.

Denga lisanamalizidwe n'komwe, anthu odutsa adayamba kuima pa mpanda. Woyamba kubweretsa ntchito anali mwini minibasi yoyenda pakati pa Magwegwe ndi m'tauni, yemwe mipando yake inkang'amba zovala za okwera. Kenaka padabwera mpando wa njinga yamoto, khushoni ya njinga ya munthu wolumala, ndi mlimi wa ku Nyamandlovu wofuna chokhalira pa ngolo yake ya abulu. Zonsezi zimafuna zomwezo zimene Capri idaphunzitsa: kutenga muyeso, kusankha siponji, kukoka chophimba kuti chisakwinyike, ndi kuwerengera mtengo wa zipangizo usanatchule mtengo wa ntchito. Msika wake ndi waukulu. Magalimoto ambiri m'misewu yathu adagulidwa atagwira kale ntchito ku Japan kapena kwina, ndipo m'chaka cha 2021 boma lidaletsa kuitanitsa magalimoto opitirira zaka 10. Galimoto imene munthu ali nayo ayenera kuisamala kuti ikhalitse, ndipo mipando imatha msanga kuposa injini.

Sindikunena kuti bungwe lililonse ligulire achinyamata magalimoto othamanga. Ndikunena kuti mnyamata amene adakana kusoka kwa zaka zambiri adakhala pa makina mpaka usiku chifukwa cha chinthu chimene mtima wake unkachifuna. Maphunziro athu ambiri amayamba ndi funso lakuti msika ukufuna chiyani, ndipo ndi funso loyenera. Koma ophunzira ambiri amasiyira panjira, ziphaso n'kumagona m'masutikesi, chifukwa palibe adawafunsa chimene iwo angakonde kuchiona chitatha ndi manja awo. Kwa wina ndi galimoto, kwa wina ndi gitala, kwa mwana wa mlimi mwina ndi pampu yakale ya pachitsime kapena thalakitala imene idafa asanabadwe.

Chachiwiri n'chakuti aphunzitsi tili nawo kale. Bulawayo Polytechnic ndi Westgate Industrial Training College ndi sukulu zofunika, koma si banja lililonse lingakwanitse kutumizako mwana. M'makomboni muno muli amisiri opuma pantchito a ku njanji, a m'mafakitale a nsapato, a mipando ndi a zitsulo, ndipo ambiri a iwo akutha masiku ali pa khonde. Chaka chilichonse timaika ena m'manda pamodzi ndi zonse zimene manja awo ankadziwa. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, timatero, koma timawakumbukira pa milandu ndi pa maliro pokha.

Inu alangizi ndi atsogoleri a magulu, pamene mukulemba kaundula wa zosowa za dera lanu, onjezerani tsamba lina. Lembanipo amisiri okalamba amene alipo ndi zimene amadziwa, makina amene akugona m'nyumba za anthu, ndi zinthu zakufa zimene achinyamata amaziyang'ana mosirira. Mukatero muwakumanitse. Nthawi zambiri chosowa chimakhala chaching'ono: ulusi, guluu, siponji, ndi munthu wobwereketsa makina Loweruka.