Matsala a ku Cimarron

M'mwezi wa June 2023 ndinali ku Amarillo, m'chigawo cha Texas ku America, kukaona mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ya unamwino kumeneko. Loŵeruka lina mkamwini wanga anati, "Bambo, poti mumakonda nkhani za nthaka, tiyeni mukaone dziko limene linauluka ndi mphepo." Tinayenda pa galimoto maola aŵiri cha kumpoto, kufikira ku Boise City, kamzinda ka m'boma la Cimarron, m'chigawo cha Oklahoma.

Kumene tinadutsako dziko ndi lachidikha, mitengo ndi yoŵerengeka, ndipo mphepo siipuma. Pakati pa minda ya tirigu ndi mapira ndinaona minda ina ikuluikulu yongomera udzu, yosalimidwa, yopandamo ngakhale ng'ombe. Kwathu munda wotere timautcha tsala, ndipo mwini wake timamuyesa waulesi kapena wodwala. Koma matsala aŵa boma limawalipira.

Chiyambi chake ndi ichi. M'zaka za m'ma 1920 alimi anatipula udzu wachibadwidwe ndi mathirakitala kuti afese tirigu. Chilala chitagwa m'ma 1930, nthaka inatsala yamaliseche, mphepo nkuinyamula. Lamulungu pa 14 April 1935 fumbi linaphimba dzuŵa, masana kusanduka usiku. Mwezi womwewo boma linakhazikitsa nthambi yosamala nthaka, ndipo mtsogoleri wake anali Hugh Bennett. Tsono mu 1985 kunabwera dongosolo lotchedwa Conservation Reserve Program. Mwini munda wosachedwa kukokoloka amachita pangano la zaka 10 kufikira 15, nadzalamo udzu kapena mitengo, ndipo boma limamlipira chaka ndi chaka pa ekala iliyonse, osapitirira madola 50,000 pa munthu mmodzi. Mu 2007 minda yogonekedwa motere inaposa maekala 36 miliyoni. Nthaka yapumuladi, ndipo ndinadzionera ndekha udzu utaigwira zolimba.

Koma kodi ndalamazo amalandira ndani? M'nyumba yodyeramo tinakhala pamodzi ndi mnyamata wina wolima munda wobwereka. Iye anati, "Gogo mwini munda amakhala ku Denver. Pangano lathu litatha, anasankha udzu wa boma, pakuti boma limalipira ngakhale mvula ikane. Sindikumuda, ndi mkazi wamasiye. Koma ine ndikalima kuti?" Lamulo limaletsa kuchotsa wobwereka mwadala, komabe ndalama zimakonda kutsata mwini nthaka. Kalembera wa 2014 anapeza kuti ku America maekala pafupifupi aŵiri mwa asanu aliwonse a minda ndi obwereka, ndipo eni ake ambiri salima: ndi okalamba, amasiye, kapena ana olandira choloŵa amene amakhala m'mizinda. Anthu a m'boma la Cimarron anali oposa 5,000 mu 1930, koma mu 2020 sanakwane 2,500. Zifukwa zake ndi zambiri, koma mnyamata wosoŵa munda sakhalitsa pamudzi.

Pobwerera ndinakumbukira malemu bambo anga. Iwo ankasimba za malamulo a malimidwe a m'ma 1950, pamene boma la atsamunda linkalipiritsa ndi kumanga anthu osapanga migula m'minda mwao. Kuno boma linkalipiritsa, uko boma limalipira. Koma konse kuŵiri munthu wogwira khasu sanali woyamba kufunsidwa.

Pa Eksodo 23 ndi Levitiko 25 Mulungu analamula kuti nthaka ipumule chaka chachisanu ndi chiŵiri, ndipo zomera zokha m'chakacho zikhale chakudya cha aumphaŵi, antchito ndi alendo. Sanalekanitse kupumula kwa nthaka ndi chakudya cha wopanda nthaka.

Abale, ifenso m'midzi mwathu mumafika chithandizo cha kudzala mitengo ndi kuteteza nthaka, ndipo kaŵirikaŵiri akulu a mpingo timakhalapo polemba maina. Tsiku limenelo tisangofunsa kuti munda ndi wa yani. Tifunsenso kuti akulimamo ndani, ndi kumene adzapite mundawo ukagonekedwa.