Kale m'mbali mwa Likangala munali mthunzi

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Chilichonse chimene mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe yanyamula chimathera momwemo, kaya ndi madzi oyera, kaya ndi matope. N'chifukwa chake mtengo wogwetsedwa m'tsinde mwa phiri la Zomba umakapweteka msodzi wa ku Kachulu, ngakhale wodulayo sanapondeko kunyanjako.

Kalekale m'mbali mwa mitsinje imeneyi munkamera mitengo yakeyake: katope, mkuyu, mbawa, mwimbi. Mwana ankakula akudziwa kuti mtengo wa pakasupe sadula, monga ankadziwira kuti kumanda satolako nkhuni. Panalibe chikwangwani choletsa. Wofuna malo omanga ankapita kwa anyakwawa, ndipo iwo ankanyamuka naye limodzi n'kukamulozera pamtunda. Dambo linali ndi ntchito zake. Kumeneko n'kumene kunali msipu wa ng'ombe, udzu wofolera, bango la mphasa ndi madimba a m'chilimwe, kumene mayi ankabzala mpiru ndi chimanga cha mondokwa madzi akaphwera. Koma nyumba ayi. Akuluakulu ankanena kuti malowo mwini wake ndi madzi, ndipo ngakhale atachoka zaka zingapo adzabweranso. Wodula katope pachitsime ankaitanidwa kubwalo n'kulipa nkhuku. Nkhukuyo sinali kanthu. Chowawa chinali kuima pamaso pa anthu amene amatunga pachitsime chomwecho.

Sikuti lamulo lililonse lakale linkakondedwa. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linaumiriza anthu kutsata malimidwe ake, kuphatikizapo kuletsa kulima m'mphepete mwa mitsinje, ndipo olakwira ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Anthu anadana nazo koopsa. Mtsinje unali womwewo, chiletso n'chofanana, koma wochibweretsa anali mlendo wonyamula chikoti.

Masiku ano malamulo tili nawo ambiri kuposa kale. Kuyambira m'chaka cha 1996, Chilwa ili pamndandanda wa madambo ofunika padziko lonse, pansi pa pangano la Ramsar, ndipo Elephant Marsh kuchigwa cha Shire inalowamo mu 2017. Lamulo la zankhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, linatsegula mpata woti midzi ikhale ndi makomiti osamala zachilengedwe. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu yomanga iyambe yaunikidwa, ndipo linakhazikitsa bungwe la MEPA loyang'anira zimenezi. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zamalonda. Mumzinda, womanga ayenera kupititsa pulani yake kukhonsolo asanakumbe maziko. Zonsezi n'zabwino, ndipo ndimazifuna.

Chondipweteka mtima n'chakuti lamulo likukula, mthunzi ukuchepa. Yendani m'mbali mwa Likangala potuluka mumzinda wa Zomba. Mupeza maenje a okumba mchenga, mauvuni a njerwa akufuka, minda yofika mpaka pamlomo pa madzi, ndi nyumba zoima pamalo pamene pankamera bango. Uvuni umodzi umadya mitengo ikuluikulu, ndipo woumba amasankha kuumbira pafupi ndi mtsinje chifukwa dothi, madzi ndi nkhuni zili pomwepo. Malo a m'dambo ndi otsika mtengo, choncho wogula amakhala munthu wotopa ndi lendi, amene sangakwanitse poloti ya pamtunda. Amagula mu Ogasiti pali pouma. Mu Febuluwale madzi ali m'chipinda. Wogulitsayo nthawi zina amakhala mfumu yomweyo imene agogo ake ankakaniza anthu malowo. Sindingamunyoze wogulayo. Anthu tachuluka, malo sanakule, ndipo njala siwerenga gazeti ya boma.

Koma taonani kusiyana kwake. Kale woletsa ndi woletsedwa ankamwa madzi amodzi. Lero chilolezo chili kuofesi, woyendera nkhalango ali ndi dera lalikulu lopanda ngakhale njinga yamoto, ndipo akamafika, mbawa yasanduka kale matabwa. Nyumba ikafika pa lintala, kuigwetsa kumasanduka nkhani ya ndale ndi makhoti.

Chilwa inaumapo mu 1968, mu 1995 ndiponso mu 2018. Kuuma n'chikhalidwe chake, popeza ndi nyanja yosaya imene imadalira mvula. Chimene chinkaithandiza kubwerera n'chakuti matemba, makumba ndi milamba zinkabisala m'maiwe a mitsinje ndi m'njedza mpaka madzi atadzazanso. Maiwe amenewo ndi amene akukwiririka ndi dothi lokokoloka m'magombe opanda mitengo. Mtsinje umene unkayenda mpaka Okutobala tsopano umasefukira sabata ziwiri n'kusanduka mchenga.

Kumene mfumu, komiti ya mudzi ndi alangizi a zankhalango akhala pansi n'kugwirizana poyambira munda ndi pothera munda, bango limaphukanso, ndipo katope amamera yekha. Ine ndikadakonda khonsolo isapereke chilolezo cha nyumba pafupi ndi dambo isanafunse amayi otunga madzi pamenepo. Iwowo amadziwa pamene madzi anafika m'chaka cha namondwe wa Freddy, ndipo angakulozereni mtengo umene unatsala ndi chizindikiro cha matope.