Temwa wathu ali pa thandala

Masiku ano aliyense ndi mbale wa ana a Chawinga. Temwa akagoletsa ku America, pa WhatsApp pamadzaza mbendera, ndipo anyamata a pa kampasi pano, amene sanapitepo n'kamodzi komwe kukaonerera atsikana akusewera, amalemba kuti "mwana wathu". Kunyadako n'koyenera. Zigoli 20 zimene anamwetsa mu 2024, chaka chake choyamba ku Kansas City Current, palibe anali atazifikapo m'chaka chimodzi chiyambire ligi ya NWSL. Mkulu wake Tabitha anaposa onse pa zigoli ku Sweden mu 2017, kenako ku Italy ali ku Inter Milan, ndi ku France ali ku PSG, asanapite ku Lyon. Koma mawu oti "wathu" aja amandikanda. Tinachitapo chiyani ife kuti akhale wathu?

Ndikufunsa chifukwa cha zimene ndimaona kwathu ku Senga Bay pa holide iliyonse. Dzuwa likapendeka, asodzi akamasoka makoka podikira kuti kude alowe m'madzi ndi nyali zawo, mchenga umasanduka bwalo. Magolo ndi masilipasi awiri, mpira ndi wachikulunga. Pagulu la tiana ta zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu, atsikana ndi anyamata amalimbana mofanana, ndipo kawirikawiri wovuta kumulanda mpira amakhala kamtsikana kovala diresi long'ambika. Mukasuntha pang'ono n'kufika pamene pakusewera a zaka 14 kupita m'tsogolo, mtsikana simumupeza. Ali pa thandala akutembenuza usipa, ali pamoto akufutsa, akutsuka mbale m'mphepete mwa nyanja mwana ali kumbuyo, kapena akuyenda ndi beseni la mandasi pakati pa mabwato.

Msuweni wanga anali mmodzi wa tiatsikana tovuta tija. Ine mpira sindiudziwa, miyendo yanga inalengedwera kukhala pa desiki, koma ngakhale ine ndinkaona kuti mwendo wake wamanzere unali wina. Anyamata ankakanganirana kuti akhale mbali yawo. Atatha msinkhu analangizidwa monga onse amalangizidwira: chitenje chisachoke m'chiuno, zodumphadumpha pakati pa amuna zatha. Chaka chatha ndinawafunsa mayi ake.

"Azakhali, bwanji osamulola mwanayu azikasewerako ngakhale Loweruka lokha?"

"Mwanawe, mpirawo tidzadya? Usipa ukaola pa thandala, a Chawinga akowo adzatibwezera?"

Azakhali anga si munthu wosaganiza. Usipa sudikira munthu, ukachedwa kuyanikidwa mtengo wagwa, ndipo ndalama ya yunifomu, ya sopo, ngakhale ya thiransipoti imene ine ndimabwerera kusukulu, imachokera pa thandala lomwelo. Chimene sindigwirizana nawo n'chakuti m'nyumba momwemo muli mnyamata, mlongo wake wa msuweni wangayo, amene amadya za usipa womwewo, koma madzulo ake palibe amawawerengera. Akaweruka kusukulu amaponya chikwama, n'kubwerako kutada, mchenga uli m'makutu.

Tikamakamba za mpira wa amayi timathamangira kunena za nsapato, mabwalo ndi makampani othandiza. Zonsezo n'zosowadi. Koma wosewera amapangidwa ndi maola, tsiku ndi tsiku, kwa zaka zambiri, ndipo pa mchenga wa ku Senga Bay sipafunika nsapato kapena chilolezo cha FAM. Chimene mtsikana amalandidwa ndi madzulo ake.

Ndinaganiza zimenezi nditawerenga za timu ya amayi ya rugby ya ku Ireland, masewero a mpira wosongoka uja amene kuno sitiwatsata kwenikweni. Mu 2013 anagonjetsa matimu onse asanu mu mpikisano wa Six Nations, ndipo mu 2014 anagonjetsa New Zealand pa chikho cha dziko lonse. Nthawi imeneyo sankalandira malipiro a masewero. Kaputeni wawo, Fiona Coghlan, anali mphunzitsi, Niamh Briggs anali wapolisi, ndipo makontirakiti anadzayamba mu 2022. Tsono ngakhale kwa azungu ndalama inabwera mochedwa, zikho zitabwera kale. Chimene amayi amenewo anali nacho n'chakuti akaweruka kuntchito, nthawi yotsalayo inali yawo, ndipo palibe ankawadikira pakhomo ndi ndowa.

Pali chinanso chimene sitikonda kuchikumbuka tikamaika mbendera zija. Mu 2021 Tabitha anauza nyuzipepala ya The Guardian kuti anavulidwapo zovala pa masewero kuti anthu atsimikize ngati analidi mtsikana, koyamba ali ndi zaka 13. Anachita zimenezo ndi Amalawi, kuno kwathu konkuno. Mtsikana akamasewera bwino timati ndi mwamuna, akamavala kabudula timati walowerera, akapita kunja n'kuyamba kutumiza ndalama timati mwana wathu. Azakhali anga akamaumirira chitenje, mbali ina akumuteteza mwana wawo ku pakamwa pa anthu, ndipo pakamwapo ndi pathu.

Ana a Chawinga anachokera ku Rumphi, kutali ndi likulu kuposa ife. Tabitha anadzera ku DD Sunshine ya ku Lilongwe asanapite ku Sweden mu 2014. Kuchokera ku Senga Bay kupita ku Lilongwe ndi ulendo woti munthu amapita m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo, ndipo Loweruka lililonse magalimoto a m'tauni amadzaza ku Sunbird Livingstonia ndi malo ena ogona alendo. M'magalimotomo simungalephere kukhala wina wodziwa mpira. Koma akayenda pa mchenga madzulo adzaona chiyani? Ma Scorchers atatenga chikho cha COSAFA mu 2023, atagonjetsa Zambia 2-1, tinavina mpaka ku Kamuzu Road. Amene adzalowe m'malo mwa osewera amenewo zaka khumi zikubwerazi ali ndi zaka 12 kapena 13 lero, msinkhu womwe uja timawaitanira ku thandala.

Holide yapitayi ndinasiya kuvutitsa azakhali, n'kumupeza mnyamata uja akupopa mpira kuseri kwa nyumba. Ndinamupempha kuti Lachiwiri ndi Lachinayi azitembenuza usipa ndi iyeyo, mlongo wake azipita ku mchenga. Anavomera kuti mlongo wakeyo amamuposa, sanatsutse n'komwe. Kenako anayang'ana kumene kunali anzake.

"Nanga akandiona pa thandala aja, ndidzawauza kuti chiyani?"