Kugunda kumene kompyuta imawerengera nthawi

Ntchito yanga kuno ku Ulongwe ndi kukonza makompyuta: a aphunzitsi, a m'mashopu osindikiza zikalata, ena ochokera ku Domwe ndi ku Calomue, kumalire a Dedza. Ambiri amabwera akudandaula kuti intaneti ikukana. Ndisanamasule chilichonse, ndimayamba ndaona deti. Kawirikawiri limakhala la zaka zapitazo, ndipo masamba otetezedwa satseguka pa makina osokonezeka deti.

Pa motherboard pali kawotchi kokhala ndi kamwala ka quartz, konjenjemera ka 32,768 pa sekondi, kodalira batire la CR2032. Magetsi akathima, iko sikagona. Makina akayatsidwa, kernel, yomwe ndi phata la Linux kapena Windows, imafunsa kawotchika nthawi, basi n'kuyamba kudziwerengera yokha.

Apa m'pamene ntchitoyi imandikomera. Pali timer yomwe imadula purosesa pakamwa pafupipafupi. Purosesa imasiya zomwe imachita, kernel n'kuwonjezera imodzi pa chiwerengero chake, n'kuona ngati pali pulogalamu ina yoyenera kulandira mpata, kenako ntchito n'kupitirira. Zili ngati wogula kachewere amene amaika kamwala pambali thumba lililonse likakwera lole: akaphonya limodzi, chiwerengero chonse chapotoka. Timer ya IBM PC ya 1981 inkagunda ka 18.2 pa sekondi. Mu Linux chiwerengerochi ndi jiffies, ndipo kugundako amakusankha kukhala ka 100, 250, 300 kapena 1000.

Chowerengera chilinso ndi malire ake. Windows 95 ikakhala yoyaka masiku 49.7, chiwerengero chake cha mamilisekondi, cha ma bit 32, chinkadzaza n'kubwerera pa ziro, makina n'kuuma gwa. Olemba Linux amayambitsa dala jiffies kutatsala mphindi 5 kuti idzaze, kuti cholakwika chotere chidziulule msanga, wochilemba akadali pampando. Nzeru imeneyi ndimaivulira chipewa.

Kuyambira 2007, Linux imatha kuimitsa kugundako purosesa ikakhala yopanda chochita. Ikadzuka, imawerenga chowerengera china cha m'makinamo n'kudziwa nthawi yomwe yadutsa. Kwa ife amene laputopu timaitchaja pa sola, batire lopulumuka motere ndi ndalama.

Ngakhale chisanu chathu cha mu Juni ndi Julaye chimalowererapo. Kamwala ka quartz anakasema kuti kayende bwino pa madigiri 25. Kukazizira kufika pa 5, kamatsalira pafupifupi sekondi imodzi pa tsiku. N'chifukwa chake ndikasintha batire ndi kukonza deti mu BIOS, ndimayatsanso NTP, kuti makina akapeza intaneti aziwongola nthawi yawo pang'onopang'ono. Kwa amene kwawo netiweki imavuta, ndimawauza kuti: "Bambo, mwezi ukatha muziyerekeza wotchi ya kompyutayi ndi ya pa foni yanu."