Njovu yovala lamba ku Liwonde

Ndinafika kumalo osungirako nyama zakutchire ku Liwonde mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mitengo ya tsanya inali itayoyola masamba, ndipo nyama zinali zitasonkhana m'mbali mwa Shire. Tili m'boti, tinaona gulu la njovu likutsikira kumadzi. Patsogolo panali yaikazi yaikulu, m'khosi mwake muli lamba wochindikala.

"Achimwene, kodi njovu iyo ili ndi mwiniwake?" ndinafunsa wotiperekeza.

Iye anaseka, nandiuza kuti palambapo pali kachipangizo ka GPS. Kamadziwa pomwe njovuyo yaima n'kutumiza uthenga kudzera pa setilaiti, ndipo ofufuza amaona pakompyuta njira yonse yomwe yayenda. Poiveka, madokotala a zinyama amailasa ndi mankhwala ogonetsa ali mu helikopita. Saveka njovu zonse ayi. Banja la njovu limatsata mayi wamkulu, choncho ukadziwa komwe iye ali, wadziwa komwe kuli banja lonse.

Lambayu amathandiza kwambiri njovu zikasamutsidwa. Mu 2016 ndi 2017, njovu zoposa 500 zinatengedwa ku Liwonde ndi ku Majete, zambiri mwa izo kupita ku Nkhotakota. Mu 2022, zina 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Njovu yachilendo imayendayenda kufunafuna madzi ndi msipu, ndipo siidziwa kuti apa mpamalire a Malawi ndi Zambia. Malamba ndiwo amaulula ngati gulu lakhazikika, kapena layamba kulowera kumidzi.

Pobwerera, nditangotuluka pachipata, ndinaona amayi akusosa m'munda woyandikana ndi mpanda wamagetsi. Mtima wanga unatsalira pamenepo. Kwa ine njovu inali chokongola chojambula pafoni, koma kwa amayiwo ndi mlendo yemwe angathe kumaliza chimanga cha chaka chonse usiku umodzi, mwinanso kuchotsa moyo wa munthu.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ngati kompyuta ikuonetsa kuti gulu layandikira malire, uthengawo usathere muofesi. Ufike msanga kwa alonda a nkhalango, kwa amfumu ndi kwa mlimi, poti mafoni ali kale m'midzimo. Njovu ija ikunena komwe ikupita. Kwatsala n'kuti amayi aja amve nthawi ikadalipo.